Momwe mungaphwanyire nambala yaikulu n'kudziwa mtundu wake: chitsanzo cha 746 460

Loweruka masana ndimakhala ndi ana angapo kuno ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, ana a anzathu ochokera ku Mangochi, ku Zomba ndi ku Nkhata Bay, tikulimbana ndi masamu a Grade 7 ndi Grade 8. Pali funso limodzi limene limagwetsa anawa pamodzi ndi makolo awo. Aphunzitsi apereka nambala imodzi yaitali n'kufunsa kuti ndi yamtundu wanji: kodi ndi prime? Ili ndi ma factor angati? Ndi square? Mwana amayamba kugawa ndi 1, ndi 2, ndi 3, ndi 4, mpaka tsamba kudzaza, misozi ili lengelenge. Bambo ake, amene anakhoza bwino masamu pa MSCE kumudzi, amatenga foni n'kuyamba kudinadina, koma pofika pa 40 nawonso mutu waima.

Onse awiri akusaka ma factor limodzilimodzi ngati kutola mtedza wotayika mumchenga. Ntchito yake si imeneyo. Nambala imaphwanyidwa kamodzi kokha mpaka patsale ma prime okhaokha, ndipo mayankho ena onse mumangowawerenga pa mzere umodzi umenewo. Tiyenda ndi 746 460 kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mawu awiri okha tigwirizane. Factor ndi nambala imene imagawa inzake popanda chotsala. Prime ndi nambala yoposa 1 imene sigawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe.

## Zofunika kukhala nazo

- Kope la mabokosi, lija la masamu, kuti manambala aime molunjika
- Pensulo ndi labala, osati bolopeni
- Lula yojambulira mzere wa makwerero
- Kapepala kolembapo ma prime oyambirira: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, 31, 37, 41, 43, 47
- Kakyuleta yotsimikizira pamapeto. Ana ambiri kuno ali ndi Casio fx-82ZA PLUS. Ikhale m'chikwama kufikira mutamaliza

## 1. Lembani nambalayo molondola

Apa m'pamene ife a ku Malawi timapunthwira tisanayambe n'komwe. Kwathu tinazolowera kulemba 746,460 ndipo koma imalekanitsa masauzande. Kuno ku South Africa sukulu zimasiya kampata pa masauzande, 746 460, ndipo koma ndi ya desimo: 3,5 ndi zitatu ndi theka. Mayi wina anandibweretsera homuweki ya mwana wake atakwiya kuti aphunzitsi athetha yankho lolondola. Mayiwo anamulembera 1,980 kutanthauza sauzande imodzi ndi 980, aphunzitsi anawerenga ngati nambala yosafika pa 2.

Koperani nambalayo m'magulu a manambala atatuatatu kuyambira kumanja, nambala iliyonse m'bokosi lake, kenako werenganinso poyerekeza ndi pepala la funso. Yathuyi ili ndi magulu awiri, 746 ndi 460.

## 2. Yesani ndi maso musanagawe

Pali manambala amene amadziulula okha.

Yang'anani kumapeto. Nambala yothera ndi 0, 2, 4, 6 kapena 8 ndi even, imagawika ndi 2. Yothera ndi 0 kapena 5 imagawika ndi 5. Yathu yathera ndi 0, choncho 2, 5 ndi 10 onse alowa, ndipo funso loti kodi ndi prime lathera pomwepa: si prime, ndi composite, kutanthauza nambala imene ili ndi ma factor oposa awiri.

Pa 4 tengani manambala awiri omaliza. 60 amagawika ndi 4, ndiye nambala yonse imagawikanso. Pa 8 tengani atatu omaliza: 460 kugawa ndi 8 ndi 57 kutsala 4, ndiye 8 sakulowa.

Pa 3 ndi 9 phatikizani manambala onse: 7 + 4 + 6 + 4 + 6 + 0 = 27. Poti 27 amagawika ndi 3 komanso ndi 9, nambala yathu imagawika ndi onse awiri.

Chenjezo: kuphatikiza manambala kumagwira ntchito pa 3 ndi 9 basi. Musakuyese pa 7, musakuyese pa 27. Onani kuti apa tapeza 27, koma 746 460 sagawika ndi 27.

## 3. Gwirani 7, 11 ndi 13 nthawi imodzi

Njira iyi ndimaikonda kwambiri, ndipo mabuku ambiri a ana saitchula. Chotsani gulu laling'ono pa lalikulu: 746 − 460 = 286. Tsopano yesani 286 m'malo mwa chinambala chonse chija.

286 kugawa ndi 7 ndi 40 kutsala 6, 7 sakulowa.
286 kugawa ndi 11 ndi 26 ndendende, 11 walowa.
286 kugawa ndi 13 ndi 22 ndendende, 13 walowa.

Si matsenga. Chinsinsi chake ndi 1 001, amene ndi 7 × 11 × 13. Nambala yathu ndi 746 × 1 000 + 460, ndipo imeneyi ingalembedwenso ngati 746 × 1 001 − 286. Chigawo choyambacho chimagawika kale ndi 7, 11 ndi 13 chifukwa muli 1 001, ndiye mlandu wonse watsalira 286. Mwana akamvetsa chifukwa chimenechi saiwalanso. Akangoloweza, pofika Lolemba chathawa.

Nambala ikakhala ndi magulu atatu kapena kuposa, yambani ndi gulu lakumanja, chotsani lotsatira, phatikizani lachitatu, chotsani lachinayi, mosinthanasinthana choncho. Yankho likatuluka ndi chizindikiro cha kuchotsera kutsogolo, chinyalanyazeni. Likatuluka 0, onse atatu alowa.

## 4. Tsikani makwerero

Jambulani mzere wotsika pakati pa tsamba. Kumanzere muzilemba prime amene mukugawa naye, kumanja yankho. Yambani ndi prime wamng'ono kwambiri, ndipo musamusiye kufikira atakana.

746 460 ÷ 2 = 373 230
373 230 ÷ 2 = 186 615
186 615 ÷ 3 = 62 205
62 205 ÷ 3 = 20 735
20 735 ÷ 5 = 4 147
4 147 ÷ 11 = 377
377 ÷ 13 = 29
29 ÷ 29 = 1

Onani kuti 2 wagawa kawiri n'kukana kachitatu chifukwa 186 615 ndi odd, yosagawika ndi 2. Izi zikugwirizana ndi zija tinapeza kuti 4 alowa koma 8 ayi. Naye 3 wagawa kawiri n'kukana, chifukwa manambala a 20 735 akaphatikizidwa ndi 17. Sitinavutike ndi 7 poti tinamuyesa kale.

Chenjezo: kumanzere kwa mzere kuzikhala ma prime okhaokha. Ana amakonda kugawa ndi 10 kapena ndi 4 kuti afulumire, kenako amaiwala kuwaphwanya, 10 n'kutsalira m'yankho ngati prime. Chinanso, prime amene wakana kamodzi wakaniratu. Musabwerere kukamuyesanso pansi, n'kutaya nthawi.

## 5. Dziwani poimira

Pano tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene mamalikisi ambiri amatayikira.

Pofika pa 377 ana ambiri amaika pensulo pansi. Ndi odd, sathera ndi 5, manambala ake saphatikizana kukhala ogawika ndi 3, ndiye amati ndi prime. Akuoneka ngati prime ndithu, koma ndi 13 × 29. Ena amalakwira mbali ina: amayesa nambala iliyonse mpaka kufika theka la 377, mayeso pafupifupi 190 opanda phindu.

Malire ake ndi square root, nambala imene ikadzichulukitsa yokha imapereka yanuyo. Ma factor amayenda awiriawiri, wamng'ono ndi wamkulu, ndipo wamng'onoyo sangapose square root ya nambalayo. Akanati onse awiri aipose, powachulukitsa akanadutsa nambala imene tikuiphwanya. Choncho funani nambala imene ikadzichulukitsa yokha imangodutsa pang'ono yanuyo, ndipo yesani ma prime a pansi pake pokha. Pa 377, 19 × 19 ndi 361 ndipo 20 × 20 ndi 400, ndiye mayeso amathera pa 19. Pa 29, 6 × 6 ndi 36, ndiye 2, 3 ndi 5 akakana nkhani yatha, 29 ndi prime.

Koma malirewo muwafike ndithu, osaima pafupi nawo. Ndimakonda kupatsa ana 2021. Amayesa 3, 7, 11, 13, onse akukana. Pofika pa 31 kapena 37 amatopa n'kulemba kuti prime. Chikhalirecho 45 × 45 ndi 2025, ndiye malire ali pa 44, ndipo prime womaliza m'malirewo, 43, ndi amene akugawa: 2021 = 43 × 47. Mnansi wake 2027 ndiye prime weniweni, koma simunganene zimenezo musanayese ma prime onse 14 kuyambira pa 2 mpaka pa 43.

Kumbukirani kuti malire amatsika pamene mukutsika makwerero. Poyamba square root ya 746 460 inali pafupi ndi 864, zoopsa kuziona. Titagawa kasanu ndi kamodzi inali itatsikira pansi pa 20.

## 6. Lembani mzere wa ma prime, muutsimikize

746 460 = 2² × 3² × 5 × 11 × 13 × 29

Mzere uwu ndiwo chuma chonse, ndiye musaukhulupirire musanauchulukitse mobwerera. 4 × 9 = 36; 36 × 5 = 180; 180 × 11 = 1 980; 1 980 × 13 = 25 740; 25 740 × 29 = 746 460. Zagwirizana.

Tsopano kakyuleta ingatuluke. Pa fx-82ZA PLUS lembani nambalayo, dinani =, kenako SHIFT ndi batani lolembedwa FACT pamwamba pake. Imakupatsani mzere womwewu. Koma dziwani kuti imangopeza ma prime osapitirira manambala atatu. Chigawo chimene chaikanika imachiika m'mabulaketi, ndipo chimenecho sichitanthauza kuti ndi prime.

## 7. Werengani ma factor osawalemba onse

Tengani kanambala kapamwamba ka prime aliyense, onjezerani 1, n'kuchulukitsa zotsatirazo. Prime wopanda kanambala pamwamba ali ndi 1 wosalembedwa.

3 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 144

Nambala yathu ili ndi ma factor 144, kuphatikizapo 1 ndi 746 460 yemwe. N'chifukwa chake bambo uja anatopa pa 40.

Kodi 1 woonjezerayo akuchokera kuti? Factor aliyense amapangidwa posankha ma prime a mu mzere uja. Ma 2 alipo awiri, koma njira zowasankhira ndi zitatu: osatenga, kutenga mmodzi, kutenga onse awiri. Ma 3 chimodzimodzi. 5, 11, 13 ndi 29 aliyense ali ndi njira ziwiri, kumutenga kapena kumusiya. Zili ngati mwana wa malaya atatu ndi makabudula atatu: angavale m'njira 9, osati 6. Mukasiya onse osatenga ngakhale mmodzi, mwapanga 1, amene nayenso ndi factor.

Ngati aphunzitsi akufuna kuti alembedwe, alembeni awiriawiri: 1 ndi 746 460, 2 ndi 373 230, 3 ndi 248 820, choncho. Magulu ake ndi 72, ndipo awiri a pakati penipeni ndi 858 × 870.

## 8. Phatikizani ma factor, mupeze mtundu wake

Pa prime aliyense phatikizani 1 ndi mphamvu zake zonse mpaka yapamwamba:

2 akupereka 1 + 2 + 4 = 7
3 akupereka 1 + 3 + 9 = 13
5 akupereka 6, 11 akupereka 12, 13 akupereka 14, 29 akupereka 30

Chulukitsani zonsezi: 7 × 13 × 6 × 12 × 14 × 30 = 2 751 840. Amenewa ndi ma factor onse 144 ataphatikizidwa, popanda kulemba ngakhale limodzi.

Chotsanipo nambala yeniyeniyo: 2 751 840 − 746 460 = 2 005 380. Tsopano yerekezani ndi 746 460.

Zotsalazo zikaposa nambalayo, nambala imatchedwa abundant, yosefukira. Zikachepa ndi deficient, yoperewera, monga 2021 amene ali ndi 1 + 43 + 47 = 91 basi, komanso prime aliyense. Zikafanana ndendende ndi perfect. Za perfect n'zosowa kwambiri: 6, 28, 496, 8 128, kenako palibenso mpaka 33 550 336. Zonse zodziwika ndi even, ndipo mpaka lero palibe amene wapeza ya odd kapena kutsimikiza kuti kulibe. Ana akamva kuti pali funso la masamu limene akatswiri a dziko lonse silinawathere, amakhala tsonga.

Yathuyi ndi abundant, ndipo mowirikiza. Pali chidule chake: nambala iliyonse yoposa 6 yogawika ndi 6 ndi abundant. Theka lake, gawo limodzi mwa atatu, ndi gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi zimakwana kale nambala yonse. Onani: 373 230 + 248 820 + 124 410 = 746 460. Mukangoonjezera 1 yekha, yasefukira.

## 9. Mitundu ina, mwachidule

Square, nambala yopezeka pochulukitsa nambala ndi iyo yomwe: timanambala tapamwamba tonse tiyenera kukhala even. Apa 5, 11, 13 ndi 29 ali ndi 1, ndiye si square. Yangoperewera pang'ono: 864 × 864 ndi 746 496, kusiyana 36 yokha. Ndipo poti 36 ndi 6 × 6, mukachotsa 6 pa 864 n'kuonjezeranso 6 pa 864 mupeza 858 ndi 870 aja a pakati. Chizindikiro china: square yokha ndi imene imakhala ndi chiwerengero cha odd cha ma factor, ndipo 144 ndi even.

Cube, monga 2 × 2 × 2 = 8: timanambala tapamwamba tonse tigawike ndi 3. Ayi.

Triangular: awa ndi manambala opezeka pophatikiza 1 + 2 + 3 motsatana, monga 6, 10, 15. Chulukitsani yanu ndi 8, onjezerani 1, muone ngati ndi square. Tikupeza 5 971 681, amene wagwa pakati pa 2 443² ndi 2 444². Si triangular.

Harshad: nambala yogawika ndi zophatikiza za manambala ake. Zathu ndi 27, amene amafuna ma 3 atatu, koma mu mzere wathu alimo awiri. Si Harshad.

Binary: kwa amene akuphunzira za kompyuta, gawani ndi 2 mobwereza mukulemba zotsala, n'kuziwerenga kuchokera pansi. Zituluka 10110110001111011100. Ma 0 awiri a kumapetowo ndi ma 2 awiri aja a mu mzere wathu.

## 10. Gwiritsani ntchito mzerewo pa ndalama

Tinene kuti gulu lanu la chipereganyu, lija anzathu a kuno amati stokvel, lasonkha R746 460 pa chaka ndipo mu Disembala mukufuna kugawana mofanana anthu asananyamuke pa siteshoni ya mabasi ya Park Station. Phwanyani chiwerengero cha mamembala, muone ngati ma prime ake onse alimo mu mzere uja, mochuluka mokwanira.

Muli 26? 26 ndi 2 × 13, onse alimo, aliyense alandira R28 710 popanda makobiri. Muli 24? 24 ndi 2 × 2 × 2 × 3, akufuna ma 2 atatu koma tili ndi awiri, ndiye aliyense alandira R31 102,50. Muli 21? Mulibe 7, sizitheka mofanana. Msungichuma amene amadziwa izi amayankha anthu asanatulutse n'komwe mafoni.

## Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri

Kuyesa 1 prime, kapena kukana 2. 1 ali ndi factor mmodzi yekha, ndiye si prime komanso si composite. 2 ndi prime, ndipo ndi yekhayo wa even.

Kuganiza kuti odd aliyense wooneka wouma ndi prime. 51 ndi 3 × 17, 57 ndi 3 × 19, 87 ndi 3 × 29, 91 ndi 7 × 13. Anayi amenewa mwana awaloweze ngati mayina a abale ake, chifukwa amabwerabwera pa mayeso.

Kuchulukitsa ma factor awiri n'kumati naye walowa. 746 460 amagawika ndi 4 komanso ndi 6, koma osati ndi 24. Chifukwa chake n'choti 4 ndi 6 akubwerekana 2 mmodzi. Lamulolo limagwira pokhapokha awiriwo alibe prime wofanana: 4 ndi 9 alibe, ndiye 36 walowa.

Kuwerenga 3² ngati 3 × 2. Vutoli limabisala chifukwa pa 2² njira yolakwika ndi yolondola zonse zimapereka 4. Mwana amakhoza, n'kuganiza kuti wamvetsa, kenako pa 3² amalemba 6 m'malo mwa 9. Mukamamuyesa kunyumba musayambe ndi 2². Yambani ndi 5² kapena 2³.

Kuiwala kuonjezera 1 powerenga ma factor. Akaiwala amapeza 2 × 2 × 1 × 1 × 1 × 1 = 4. Mufunseni atchule ma factor amene anawapeza ndi maso pa gawo 2 paja: 2, 3, 4, 5, 9, 10. Akwana kale asanu ndi limodzi, ndipo adziona yekha.

Kusachotsa nambala yeniyeniyo pa gawo 8. Mukaisiya m'kati, nambala iliyonse yoposa 1 imaoneka abundant, ngakhale prime.

Kudalira makina pa manambala aatali kwambiri. Kakyuleta ya pafoni ikadzaza imafupikitsa yankho n'kuika E, ndipo chotsala chingabisike. Excel imasunga manambala 15 oyambirira okha, otsatirawo imawasandutsa ma 0. Mukailembera nambala ya manambala 16 yothera ndi 7, ikubwezerani yothera ndi 0, ndipo mudzalumbira kuti imagawika ndi 10. Pa nambala yaitali chotero, chitani mayeso a pa gawo 2 ndi gawo 3 papepala, kuchokera pa imene mwakopera nokha m'kope la mabokosi.